BOX ONE KANELE: ZA CINGEREZI NDI ZILEMBO ZACE ZAULESI

Munthu wa ku Lundazi akakhala ku migodi kapena ku Lusaka, anzace namfunsa za kwao, kawirikawiri sachula dzina la mudzi wace kapena la mfumu yace. Amangomwetulira, nayankha kuti, "Kwathu ndi ku Box One Kanele." Onse a kum'mawa amene ali pomwepo amadziwa msanga kumene akunena, ndipo maceza amayambira pamenepo. Dzina limeneli lidziwika ku Kitwe, ku Mufulira ndi ku Luanshya, koma ndi ocepa amene anayamba akhala pansi ndi kulingalira kuti m'kati mwa mau ang'ono amenewa muli mbiri yaitali ya cinenero ca Cingerezi, ndiponso yankho la funso limene limabvuta anthu ambiri a m'matauni, lakuti: munthu akapunthwa pa Cingerezi, wolakwa ndani, munthuyo kapena Cingerezico?

Kumene Dzinali Linacokera

Boma la Lundazi lili kumpoto kwa Chipata, mzinda umene kale unkachedwa Fort Jameson, ndipo pakati pa malo awiriwa pali makilomita ngati 180. Ndi dziko la kumalire ndi Malawi, lokhalamo Atumbuka ambiri pamodzi ndi Acewa ndi Angoni. M'masiku a ulamuliro wa Mangerezi kunali Bwana D.C. dzina lace Errol Button, amene anasiya cinthu codabwitsa pamalopo. Kuyambira caka ca 1948 kufikira 1952 iye anamangitsa nyumba ya njerwa yokhala ndi nsanja zobulungira, yofanana ndi malinga a mafumu akale a ku Ulaya, m'mphepete mwa damu, kuti alendo oyenda pakati pa cigwa ca Luangwa ndi mapiri a Nyika azigonamo. Nyumba imeneyo ndiyo Lundazi Castle.

Kumamveka kuti nyumbayo inapatsidwa dzina lakuti Rumpelstiltskin, la kamunthu ka m'nthano ya Ajeremani kamene dzina lace linali lobisika kwa anthu onse. Dzinalo silinakhalitse pakamwa pa anthu a ku Lundazi, ndipo palibe amene angawadzudzule, pakuti munthu angathe kumaliza ntanda ya nsima mnzace asanafike pakati pa dzinalo.

Limene linakhazikika ndi dzina lina. Akulu a kumeneko amasimba kuti bwanayo ankachedwa ndi dzina la udindo wa usilikali, ndilo "Colonel", ndipo makutu a anthu anamva kuti "Kanele". Amasimbanso kuti mnyamata wogwira nchito ku migodi kapena ku Salisbury akafuna kutumiza kalata kwa amace, ankalemba pa envulopu bokosi loyamba la pa boma, pakuti m'midzi munalibe positi, ndipo amesenjala ndiwo ankanyamula makalatawo kupita nao kwa mafumu ndi kwa anyakwawa. Motero "Box One" ndi "Kanele" zinakwatirana, ndipo ukwati wao sunathe kufikira lero.

Analakwa Ndani?

Mnyamata wa sukulu amene wangodziwa kumene kuwerenga amakonda kuseka agogo ace pa nkhani imeneyi. Amatola kamtengo, nalemba pansi zilembo zisanu ndi ziwiri, c-o-l-o-n-e-l, nati, "Onani, agogo, dzinali ndi Kolonelo. Kanele mwamtenga kuti?" Agogo amakhala cete, poganiza kuti mwana wa sukulu sangalakwe.

Koma kunena zoona, wolakwa ndi mnyamatayo. Mngerezi weniweni sanena "kolonelo" ai. Amachula liu limeneli cimodzimodzi ndi liu lina lakuti "kernel", ndilo njere ya m'kati mwa cipatso, ndipo kwa khutu la munthu wa kuno limamveka pafupi ndithu ndi "kanele". Agogo amene anatsata makutu anafika pafupi ndi Mngerezi kuposa mdzukulu amene anatsata maso.

Cifukwa cace ndi ici. Liuli linabadwira ku Italy, kumene mtsogoleri wa mzere wa asilikali ankachedwa "colonnello". Afalansa polibwereka anaona kuti zilembo za l zaculuka, ndipo anasandutsa yoyamba kukhala r, nanena "coronel". Mangerezi analitenga kwa Afalansa m'zaka za m'ma 1500 lili ndi r yomweyo. Pambuyo pace anthu ophunzira anati kalembedwe kabwerere ku ka ku Italy, ndipo colembera cinamvera, koma pakamwa panakana. Patapita zaka zina, anthu a ku London ndi a kumwera kwa England analeka kuchula r amene ali patsogolo pa cilembo cina cosakhala vawelo. Cotero liuli lero limalembedwa ndi l, kale linkanenedwa ndi r, ndipo tsopano pamalo pamenepo sipamveka l kapena r. Amene amaseka Mnyanja kapena Mtumbuka cifukwa ca kusokoneza l ndi r akumbukire kuti Afalansa ndi Mangerezi anayamba ndiwo, zaka zoposa 400 zapitazo.

Kanele sali yekha. Kalaliki wa mu ofesi amalembedwa "clerk", ndi e pakati, koma Mngerezi wa ku England amanena ngati pali a, ndipo ndiye a amene ali m'liu lakuti kalaliki. Sajeni nayenso amalembedwa "sergeant", koma amanenedwa ndi a. Ndipo pali msilikali wina, "lieutenant", amene Mangerezi pomchula amamveketsa f, ngakhale munthu atayatsa nyali ndi kufunafuna usiku wonse sangampeze f m'kalembedwe kace.

Zilembo Zolandira Malipiro Osagwira Nchito

Akale a ku migodi amakumbukira masiku a tikiti, pamene munthu ankalandira malipiro atakwanitsa masiku 30 a nchito, ndipo tsiku losagwira silinkalembedwa. Cingerezi cikadakhala mgodi, mwini wace akadagwa mphwai kalekale, cifukwa m'buku lace la malipiro muli anchito ambiri amene amabwera m'mawa uliwonse, naima pamzere, koma satsika pansi.

Nyumba ya Bwana Button yomweyo ili ndi mmodzi wa iwo. M'liu lakuti "castle" muli t amene amangokhala pakati, manja ali m'thumba. M'mau akuti "knife", mpeni, ndi "knee", bondo, k amaima patsogolo ngati kapitao, koma satulutsa mau. Mu "half" ndi mu "walk" l ali m'tulo, ndipo Anyanja anacita bwino kumcotsa nchito pamene anapanga liu lao lakuti hafu.

Ena mwa aulesi amenewa ali ndi podzikanira, pakuti kale ankagwira nchito. Makolo a Mangerezi ankamchula ndithu k wa mpeni ndi wa bondo. Koma m'caka ca 1476 William Caxton anaimika makina oyamba osindikizira mabuku m'dziko la England, ndipo kuyambira pamenepo kalembedwe kanayamba kuuma pang'onopang'ono monga njerwa pa dzuwa, pamene kanenedwe kanapitirira kusintha. Pofika caka ca 1755, pamene Samuel Johnson anatulutsa buku lace lalikuru lomasulira mau, kalembedwe kanali katakhazikika, ndipo zilembo zimene zinapuma nchito zinatsala m'nyumba za kampani.

Koma ena alibe podzikanira konse. M'liu lakuti "debt", ndilo ngongole, muli b amene sanagwirepo nchito ngakhale tsiku limodzi. Anamlowetsa ndi anthu ophunzira, pofuna kuonetsa kuti liulo lili pa cibale ndi liu la Cilatini lakuti "debitum". Amenewa ndi anchito olowa cifukwa ca kudziwana ndi akuluakulu. Momwemonso s wa mu "island", cisumbu, anamuika molakwa anthu oganiza kuti liulo ndi la Cifalansa.

Palinso gulu la zilembo zinai, o-u-g-h, limene limasintha mau ace monga birimankhwe asintha maanga. Mu "though" limanena mwina, mu "through" mwina, mu "cough" limatsokomola ndi f, mu "rough" limasinthanso, ndipo mu "plough", ndilo khasu la ng'ombe, limalira ngati munthu woponda minga. Maina a mizinda ndiwo oposa. Leicester amanenedwa ngati "Lesta", Worcester ngati "Wusta", ndipo Salisbury, kumene machona ambiri a kum'mawa anatha zaka zao, Mangerezi ankameza pafupifupi theka lace. Anthu a kuno pamene anafupikitsa Johannesburg kukhala Joni, ndi zilembo za W.N.L.A. kukhala Wenela, sanacite cacilendo. Anangocita cimene eni ace a cineneroco amacita kwao.

Mavawelo Asanu, Nchito Makumi Awiri

Bvuto lina ndi la mavawelo. M'Cinyanja ndi m'Citumbuka muli mavawelo asanu, a, e, i, o, u, ndipo aliyense ali ndi nchito yace imodzi. Mwana akadziwa zilembo angathe kuwerenga liu lililonse, ngakhale limene sanalimvepo. Cingerezi naco cili ndi zilembo zisanu zomwezo, koma mamvekedwe a mavawelo ace ali ngati 20. Zilembo zonse ndi 26, mamvekedwe onse ali ngati 44. Ndi monga kupatsa amuna asanu makasu makumi awiri.

Cifukwa cace khutu la kuno limamva liu limodzi pamene Mngerezi amva awiri kapena anai. "Ship" ndi sitima ya pamadzi, "sheep" ndi nkhosa. "Work" ndi kugwira nchito, "walk" ndi kuyenda, ndipo munthu wouza foromani kuti wakhala akugwira nchito tsiku lonse angamveke ngati akuulula kuti wakhala akungoyendayenda. "Hat", "hut", "heart" ndi "hurt" ndi cipewa, kanyumba, mtima ndi kupweteka. Pamwamba pa izi pali l ndi r, amene m'Cinyanja ali ngati mapasa obvala malaya amodzi, koma m'Cingerezi ndi anthu awiri osadziwana. "Pray" ndi kupemphera, "play" ndi kusewera. "Rice" ndi mpunga, "lice" ndi nsabwe, ndipo m'makomboni imasimbidwa nthano ya wophika amene anafunsa dona wace ngati alendo adzadya nsabwe ndi nkhuku kapena ndi nyama ya ng'ombe.

Komabe anyani amasekana zikundu. Mzungu wophunzira Cinyanja nayenso ali ndi maenje ace. "Mtengo" wa m'nkhalango ndi "mtengo" wa pa sitolo amalembedwa cimodzimodzi, ndipo cosiyanitsa ndi kukweza kapena kutsitsa kwa mau, cimene sicilembedwa papepala. "Khungu" la pathupi ndi "khungu" la m'maso ziri comweco. Ndipo Mzungu amadabwa kumva kuti Mnyanja amamva mau, amamva njala, amamva fungo la ndiwo, namvanso kutentha, zonse ndi liu limodzi.

Cinenero ca Ngongole Zambiri

Munthu angafunse kuti Cingerezi cinasokonezeka cotere bwanji. Yankho ndi lakuti ndi cinenero cobwereka kwa aliyense, ndipo pobwereka mau cimatenganso kalembedwe ka eni ace. M'caka ca 1066 dziko la England linagonjetsedwa ndi Anormani ocokera ku France, ndipo kwa zaka zambiri mabwana ankalankhula Cifalansa pamene anthu wamba ankalankhula Cingerezi. Cizindikiro cace cikali m'khichini. Nyama ikakhala m'khola, kumene ankaiweta wosauka, ili ndi dzina la Cingerezi: "cow", "sheep", "pig". Ikafika pa tebulo la bwana imatenga dzina la Cifalansa: "beef", "mutton", "pork". Mnyanja amati ng'ombe ndi nyama ya ng'ombe, nkhani yatha. Anormani omwewo ndiwo anadzaza England ndi malinga amiyala, amene nyumba ya ku Lundazi inatengera maonekedwe ace. Cotero Mangerezi naonso anakhalapo anthu olamulidwa, okhota lilime pa cinenero ca mabwana.

Ngakhale kuno ku Africa Cingerezi cinatenga ngongole. "Safari" cinatenga kwa Aswahili, "impala" kwa Azulu, "tsetse" kwa Atswana. Akatswiri a za nthaka ndi a za mitengo polemba mabuku ao a Cingerezi amagwiritsa nchito mau akuti "dambo" ndi "miombo", popeza kwao kulibe mau okwanira pa zinthu zimenezi. Ndi liu lakuti boma lomwe. Ambiri amakhulupira kuti ndi zilembo zoyamba za mau anai a Cingerezi onena za ulamuliro wa Mangerezi kunja kwa dziko lao, koma sizoona. Boma ndi liu la Ciswahili lotanthauza linga kapena mpanda, ndipo linalipo Mangerezi asanayambe kulamulira. Maofesi oyamba a Azungu ankamangidwa m'kati mwa mpanda, ndipo dzina la mpanda linasanduka dzina la ofesi, kenaka la ulamuliro wonse.

Cinyanja naco cili ndi ngongole zace, ndipo zina ndi zakale kuposa za Cingerezi. Nsapato, kalata ndi kapitao anacokera kwa Apwitikizi a ku Zambezi, amene amati "sapato", "carta" ndi "capitão". Kwa Mangerezi kunacokera buku, sukulu, sopo, buledi, bulangete, supuni ndi foloko. Sitima ndi "steamer", dzina la ngalawa za nthunzi, limene pambuyo pace linakwera pa njanji. Wailesi ndi "wireless", cinthu copanda waya, cimene cinalowa m'nyumba za anthu ambiri kuyambira caka ca 1949, pamene kunabwera kawailesi kochipa kooneka ngati poto kamene kankachedwa Saucepan Special. Tiki, susu ndi sheleni zinali m'matumba a anthu kufikira caka ca 1968, pamene Kwacha ndi Ngwee zinalowa m'malo mwace.

Kusiyana kwace ndi kumeneku: Cinyanja cikalandira mlendo cimambveka zobvala za m'mudzi. Cimaika vawelo pakati pa zilembo zothithikana ndi ina kumapeto, kotero kuti "school" asanduka sukulu ndipo "Colonel" asanduka Kanele, ndipo mwana aliyense angathe kumwerenga. Cingerezi cimamsiya mlendo ndi zobvala za kwao, ndipo patapita zaka mazana palibe amene akumbukira cifukwa cace anabvala cotero.

Pamene Cingerezi Cili Cosauka

Anthu ambiri amaganiza kuti Cingerezi ndi cinenero colemera pa zonse, koma pali malo ena pamene cili ndi usiwa. Oyamba ndi a ulemu. Mnyanja ali ndi "iwe" wa mwana ndi "inu" wa wamkulu. Mtumbuka ali ndi "iwe" ndi "imwe". Mngerezi ali ndi "you" mmodzi yekha, wa mfumu, wa mpongozi, wa khanda ndi wa galu. Kale anali nao awiri. "Thou" anali iwe, "you" anali inu, koma m'zaka za m'ma 1600 "thou" anayamba kutha pakamwa pa anthu, natsala m'Baibulo lakale ndi m'mapemphero. Tsono wotsalayo ndi "inu", ndiko kunena kuti Mngerezi pothamangitsa galu m'khichini amamlemekeza ngati nduna.

Aciwiri ndi a cibale. Liu limodzi lakuti "uncle" limanyamula amalume, atate aakulu, atate aang'ono ndi amuna a azakhali, anthu amene pa mwambo ali ndi maudindo osiyana kwambiri. "Brother" sanena ngati ndi mkulu kapena mng'ono. Pa cifukwa cimeneci ku migodi kunkabuka mikangano yosatha. Imasimbidwa nkhani ya munthu amene anapita ku ofesi kukapempha chuti.

"Bwana, ndalandira kalata ya kumudzi. Atate amwalira."

Mzungu anatsegula buku, nawerenga, nati kudzera mwa kalaliki, "Caka catha unapita kukaika atate ako. Munthu ali ndi atate angati?"

"Amene aja anali atate aakulu, Bwana. Awa ndi atate aang'ono. Ondibala akali moyo."

Mzungu anaona ngati wagwira wabodza, pamene munthuyo sananame ngakhale pang'ono. Abale onse aamuna a atate ndi atate, ndipo maliro ao sathawika. Cosowa cinali liu m'cinenero ca Mzungu.

Acitatu ndi a cifundo. Munthu akapunthwa pa njira, Mnyanja amati "pepani", ngakhale mwalawo sanauike ndiye. Akamasulira m'Cingerezi nati "sorry", Mngerezi amatembenuka modabwa, nayankha kuti si iye wamlakwira. Momwemonso munthu wotuluka m'nyumba amati "ndikubwera", ndipo aliyense amamva kuti sacedwa. Koma akanena "I am coming" msana uli ku khomo, Mngerezi amayang'ana kuti aone ngati munthuyo ali ndi maso kumbuyo.

Pamene Kuseka Kumatha

Zonsezi ndi zoseketsa pa bwalo la maceza, koma pali malo ena pamene liu limodzi lingathe kumanga munthu. Cacikulu ndi "yes" ndi "no". Mnyanja akafunsidwa kuti, "Sunabe mbuzi?" amayankha kuti, "Inde," kutanthauza kuti, "Mwanena zoona, sindinabe." Iye amabvomera mau a wofunsayo. Mngerezi satero. Kwa iye yankho la munthu wosaba ndi "no", ndipo "yes" angamveke ngati kubvomera mlandu. Munthu amene wakana womasulira m'khoti pofuna kuonetsa kuti anapita ku sukulu angathe kudzimanga yekha ndi liu la zilembo zitatu. Ku cipatala ndi comweco. Dokotala akafunsa m'Cingerezi ngati wodwala sanamwe mankhwala m'mawa, "yes" wa Cinyanja ndi "yes" wa Cingerezi amaloza mbali ziwiri zosiyana.

Pa ndalama palinso dzenje. "Borrow" ndi kubwereka kwa wina, "lend" ndi kubwereketsa, ndipo anthu ambiri amanena loyambalo pa zonse ziwiri. Pakamwa palibe kanthu, pakuti onse awiri amadziwa amene anaturutsa ndalama. Koma zikalembedwa papepala ndi kusainidwa, liu lolakwa limasandutsa mwini ndalama kukhala wangongole.

Malamulo aakulu a dziko la Zambia amati munthu woimbidwa mlandu amene samva cinenero ca m'khoti apatsidwe womasulira popanda kulipira. Kupempha womasulira si manyazi. Kufunsa namwino kuti abwereze m'cinenero ca kwanu si umbuli. Kukana kusaina pepala kufikira wina wokhulupirika ataliwerenga ndi nzeru ya munthu wamkulu. Akale anati safunsa anadya phula.

Katundu wa Mwana wa ku Lundazi

Cingerezi sicingathawike. Ndico cinenero ca boma m'Zambia, ca mayeso, ca makhoti aakulu ndi ca makalata ofunsira nchito. M'caka ca 1966 boma linalamula kuti ana aziphunzitsidwa m'Cingerezi kuyambira kalasi loyamba, ndipo m'caka ca 2014 linabwezera zinenero za m'dziko m'makalasi anai oyamba, umboni wakuti nkhani imeneyi yakhala ikubvuta ngakhale akuluakulu. Zinenero za m'dziko zimene boma linasankha kuti zikhale za m'masukulu ndi zisanu ndi ziwiri: Cibemba, Cinyanja, Citonga, Cilozi, Cilunda, Ciluvale ndi Cikaonde. Citumbuka palibe pa mndandanda umenewu. Cotero mwana wa m'midzi yambiri ya ku Lundazi amadzuka ndi Citumbuka ca amama ndi adada, amapeza Cinyanja m'buku la ku sukulu, nalemba mayeso m'Cingerezi. Akakula napita ku migodi amaonjezera Cibemba, ndipo agogo ace m'masiku ao anaonjezeranso Cilapalapa ca pansi pa mgodi.

Munthu wotere, wosenza zinenero zinai pamutu, ndiye amene amacita manyazi akasokoneza nkhosa ndi sitima pamaso pa munthu wodziwa cinenero cimodzi cokha. Manyazi amenewa ndiwo amaononga kuposa kulakwako. Amatseka pakamwa pa mwana m'kalasi, amaletsa mai kufunsa pa kauntala, ndipo amacititsa bambo kugwedeza mutu pa cinthu cimene sanacimve.

Walira mvula walira matope. Wofuna Cingerezi alandire ndi zilembo zace zaulesi zomwe, aziloweze cimodzicimodzi monga amacitira ana a ku England, amene naonso amatha zaka zambiri akulimbana ndi kalembedwe ka cinenero ca makolo ao. Amve ndi makutu poyamba, monga anacitira agogo aja, ndipo maso atsate pambuyo. Akalakwa aseke pamodzi ndi omseka, nafunse liu loyenera.

Ndipo tsiku lina mnzace wa mu ofesi akadzamseka cifukwa ca dzina lakuti Kanele, iye ampatse pepala ndi pensulo, nampemphe mwaulemu kuti alembe dzina la udindo wa bwana uja monga Mangerezi amalembera, kenaka aliwerenge mokweza cilembo ndi cilembo, naloze pamene pali mau amene amaturuka pakamwa pa Mngerezi. Pamene mnzaceyo akufunafuna, wa ku Box One angathe kupita kukamwa tiyi, pakuti nchitoyo idzatenga nthawi.